Liu la "wrong" limatsika cabe, silikwera

Pa mau onse a Cizungu amene mwana wa m'Zambia amakumana nao pa sukulu, palibe limene amalidziwa msanga kuposa "wrong". Asanathe kupempha madzi akumwa m'Cizungu, asanadziwe kulemba dzina la atate ake, liu ili walimva kale kosawerengeka, ndipo waliona m'buku lake litasanduka kamtanda kofiira. Mlandu umene ndili nao ndi aphunzitsi anzanga ndi wakuti liuli timaliponya ngati mwala, osayang'ana cimene likutanthauza, ndipo ana amene timatulutsa ndi ana oopa kutsegula pakamwa. Coipa coposa apa n'cakuti liu lolemera limeneli talisungira ana ndi anthu wamba. Likafika pa akuluakulu a m'maofesi limasungunuka, m'malo mwake mumabwera mau ena ofewa ngati thonje.

Tiyambe ndi liulo. Mzungu akati "wrong" angakhale akukamba zinthu zosiyana kotheratu. "Wrong answer" ndi yankho losagwirizana ndi coona. "Wrong number" ndi pamene cala caphonya nambala imodzi pa foni, ndipo palibe amene wacimwa. Mai akafunsa mwana wolira kuti "what's wrong?" akungoti cavuta n'ciani. Makanika akati "something is wrong" ndi injini, sakuiimba mlandu injiniyo. Malaya ovalidwa cakunja mkati ali pa "wrong side". Koma liu lomweli ndi limene amagwiritsa nchito ponena kuti kuba n'koipa, kuti mnzako wakulakwira, ndi kuti bwana wakucotsa nchito mosatsata lamulo, cimene maloya amachula "wrongful dismissal". Liu limodzi lanyamula kuphonya, kuonongeka, kutembenuzika, ndi chimo.

Munthu wobadwa ndi Cizungu amasiyanitsa matanthauzo awa mosaganiza n'komwe, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa tomato pa msika wa Soweto. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene akulimva koyamba alibe cosiyanitsira. Cimene ali naco ndi nkhope ya mphunzitsi ndi kuseka kwa anzake. Ndipo mphunzitsi akafuna kumuthandiza pomasulira, amati: "Walakwa."

Apa ndiye pamene bala limakula. M'cinenero cathu wolakwa ndi munthu amene bwalo lamupeza ndi mlandu. Kwa amfumu wolakwa amalipa nkhuku kapena mbuzi. M'chalichi zolakwa ndi zimene timapempha kuti atikhululukire. Ndiye anzake a m'kalasi amaonjezera lao, amakuwa onse pamodzi: "Wanama!" Kunama kwa Cinyanja nakonso kuli pawiri. Agogo angakuuze kuti "wanama, mvula sibwera lero", ndipo palibe amene wakhumudwa, cifukwa akungoti waganiza molakwika. Koma ana athu amalinyamula liuli kupita nalo ku Cizungu, n'kumauza munthu kuti "you are lying" pamene akufuna kunena kuti waphonya. Taganizirani mwana wa Giredi 5 amene wafunsidwa likulu la dziko lathu, n'kuyankha kuti Livingstone. M'mphindi imodzi wasanduka wolakwa ndi wabodza. Koma Livingstone linalidi likulu la Northern Rhodesia mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Mwanayu mwina anamva nkhani ya kale kwa agogo ake, kapena anaona dzinalo m'buku la mbiri. Yankho lake lacedwa ndi zaka zambiri, koma silinacokere mumtima woipa.

Mbiri ya liuli ikutiuza kanthu. "Wrong" si liu lobadwira m'Cizungu. Linalowa zaka pafupifupi 1000 zapitazo kucokera ku cinenero ca anthu a ku Scandinavia, ma Viking amene anakhala kumpoto ndi kum'mawa kwa England, ndipo linali kutanthauza cinthu cokhota, copotoka. Ndi la banja limodzi ndi "wring", kufinya covala mopotokola. Kale "w" wa kumayambiriroyo anali kumveka pakamwa, ndiye cifukwa cake akali kulembedwa ngakhale anafa. Mnzake "right" anali kutanthauza coongoka. Maloya athu, amene malamulo ao tinatengera ku England, amaphunzira za "tort", liu la Cifalansa locokera ku Cilatini, ndipo nalonso limatanthauza copotoka. Ife tili nazo zomwezi: kulungama ndi kukhota, munthu wolungama ndi njira zokhotakhota. "Error" ndi la Cilatini, kusocera. "Mistake" ndi kutenga ici m'malo mwa ico. "Slip" ndi kuterereka. Onani bwino: cokhota cimaongoledwa, wosocera amalozeredwa njira, woterereka amadzutsidwa. Palibe mwa izi cimene cimafuna cilango. Makolo athu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo woongola mtengo amayamba wayang'ana mbali imene wakhotera.

Kamtanda kofiira sikayang'ana mbali ina iliyonse. Tengani samu iyi, imene mphunzitsi aliyense wa pulaimale amaidziwa: 52 kucotsapo 38. Mwana woyamba walemba 26. Waciwiri walemba 24. Wacitatu walemba 14, ndilo yankho loona. Awiri oyambawo alandira mtanda wofanana, wacitatu walandira congi. Koma amene walemba 26 sanalote nambalayo. Waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, wadziuza kuti cacing'ono cimacotsedwa pa cacikulu, wapeza 6, kenako 5 kucotsa 3 wapeza 2. Mwanayu ali ndi lamulo m'mutu mwake, lamulo lokhota, ndipo adzalitsata mokhulupirika pa samu iliyonse mpaka wina atamuonetsa cifukwa cake timabwereka khumi. Amene walemba 24 amadziwa kubwereka. Wabwereka, wacotsa 8 pa 12, wapeza 4, koma waiwala kuti 5 uja tsopano ndi 4. Uyu safuna phunziro latsopano, akufuna cabe kuuzidwa kuti "yang'ananso makumi". Matenda awiri osiyana, mankhwala awiri osiyana, koma ife tapereka jekeseni imodzi. Ndipo ngati wacitatu uja anakopera 14 kwa mnzake wa pa desiki, ndiye kuti m'kalasi lonse amene wacitadi coipa ndi iye yekha, ndipo ndiye amene tamupatsa congi.

Izi si nzeru zanga zatsopano. Mu 1967 katswiri wa zinenero wa ku yunivesite ya Edinburgh, S. Pit Corder, analemba nkhani yochuka yosiyanitsa "error" ndi "mistake" pa kuphunzira cinenero. "Mistake" ndi kuterereka kwa lilime kapena colembera, kumene wophunzira angakonze yekha ukamulozera. "Error" ndi cimene cimabwerezeka cifukwa ndi pamene cidziwitso cake cafika. Corder anati zophonya za mtundu waciwiriwu ndi umboni wakuti munthu akuphunzira, ndipo mphunzitsi ayenera kuziwerenga ngati mapu. Mwana amene walemba "buyed" kapena "childs" wagwira lamulo la Cizungu loona, wangolifikitsa pamene silifika. Ana a ku London amanenanso "goed" ali aang'ono. Ambiri a ife tinakumana ndi maganizo awa ku koleji, tinawalemba pa mayeso, tinapasa, n'kuwasiya pa geti tsiku lolandira satifiketi.

Pali mtundu wina wa "wrong" umene umandikwiyitsa kwambiri, ndiwo pamene liuli likungotanthauza kuti "kuno siticita conco". Kuno m'Zambia motoka imayenda kumanzere. Dalaivala wa thiraki akangodutsa malire a Kasumbalesa kulowa m'Congo ayenera kusamukira kumanja, ndipo mbali imene inali yolondola m'mawa ndiyo ingamuphe masana. Palibe mbali imene inatsika kumwamba. N'cimodzimodzi ndi kalembedwe. Nkhani ino ndalemba "cinthu" ndi "nchito" motsata kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977. Mwana wa ku Mchinji, kutsidya kwa malire a Mwami, akalemba conco amudula mamaki, cifukwa kwao ndi "chinthu" ndi "ntchito". Cinenero n'cimodzi, agogo ndi amodzi, maliro amayenderana. Ndipo dzina la Chipata, likulu la cigawo cimene Cinyanja cathu ca m'mabuku cimacokera, timalilemba ndi "Ch" osacita manyazi.

Tsopano onani zimene timacita ndi Cizungu ca ana athu. Munthu akapunthwa, mwana wa m'Zambia amati "sorry". Mphunzitsi wina wofuna kuoneka wodziwa amamuuza kuti ndi "wrong", pakuti sindiwe wamukankha. Koma mwanayo wanena "pepani", liu limene kwathu silivomereza mlandu, limangonyamulako ululu wa mnzako. Kodi ndi ulemu umenewu umene tifuna kucotsa mwa ana? Akati "robot" ponena magetsi a pa mphambano, akunena zimene amanena anthu a ku Johannesburg ndi ku Harare. Akati "talk time" akuchula cimene cinalembedwa pa kantemba kalikonse. Akati "I'm coming" ali kutuluka pakhomo, wamasulira "ndibwera", lonjezo lakuti sakukusiya. Mu January 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalowetsa mau a Cizungu ca ku Nigeria, monga "okada" ndi "next tomorrow". Tsiku limenelo mau amene aphunzitsi a ku Lagos anali kudula ndi inki yofiira anasanduka Cizungu covomerezeka, popanda cilembo ngakhale cimodzi kusintha. Cinasintha ndi amene ananena kuti inde.

Malamulo enanso amene timawalondera ndi mkwapulo anapangidwa ndi anthu monga ife. Robert Lowth, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa London, anasindikiza buku la galamala mu 1762, ndipo ndi mmodzi wa amene anakhazikitsa lamulo lakuti kukana kawiri m'ciganizo cimodzi n'kolakwika. Chaucer, zaka pafupifupi 400 iye asanalembe, anali kukana kawiri ngakhale katatu momasuka, ndipo mpaka lero amawerengedwa ngati tate wa ndakatulo za Cizungu.

Mwana wa m'Lusaka amalakwa kawiri. M'phunziro la Cizungu Cizungu cake ndi "wrong". Belu likalira, m'phunziro la Cinyanja, "manje" wake ndi "nifuna" wake ndi "wrong", cifukwa buku likufuna "tsopano" ndi "ndifuna". Kuyambira 2014, pamene boma linalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero zathu zisanu ndi ziwiri zija, tinauzidwa kuti mwana adzayamba ndi cinenero ca kunyumba. Kwa mwana wa m'komboni za Lusaka cinenero ca m'bukuco cinali ca kumudzi kwa munthu wina. Ndiye akafika Giredi 8 wazindikira kuti njira yokha yosalakwa ndi kukhala cete. Ukafunsa funso, maso onse amagwera pa desiki. Ife timadandaula m'cipinda ca aphunzitsi kuti ana a masiku ano ndi ogona. Sali ogona, ndi ocenjera, aphunzira phunziro limene tinawaphunzitsa bwino koposa onse. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ife ndife amene tapanga kufunsa kukhala kodula.

Ndikudziwa yankho la anzanga ena, ndalimva kambiri: "Inu a madigiri mufuna kulekerera ana. Examinations Council of Zambia sidzamvetsa zimenezo." Ai, sindikuti zonse n'zolondola. 52 kucotsa 38 ndi 14 ku Chipata, ku Mchinji ndi ku London. Mwana amene alemba "borrow me your pen" pa mayeso a Giredi 12 adzataya mamaki, ndipo amene alemba conco m'kalata yofunsira nchito angataye nchitoyo. Mphunzitsi wobisa zimenezi ndi mdani wa mwana. Koma pali kusiyana pakati pa kuuza mwana kuti "zimene umalankhula n'zolakwika" ndi kumuuza kuti "izi ndi za pa minibasi ndi kunyumba, pa pepala la mayeso amafuna izi, ndipo cifukwa cake ndi ici: Cinyanja cili ndi kubwereka ndi kubwereketsa pa tsinde limodzi, Cizungu cili ndi mau awiri osiyana". Woyambayo wapatsidwa manyazi. Waciwiriyo wapatsidwa zovala ziwiri ndi nzeru yodziwa cobvala kuti. Ndipo pa mayeso amene amakhoza ndi waciwiriyo, pakuti amadziwa cimene akupewa.

Tsopano tikwere kumwamba, tione kumene liuli limathera. Caka ndi caka lipoti la Auditor General limatuluka, ndipo aliyense angaliwerenge. Mmenemo muli mau osankhidwa mosamala kwambiri. Ndalama zimene zinaikidwira cinthu cina zikagwiritsidwa nchito pa cina, ndi "misapplication of funds". Zikalowa m'thumba la munthu, ndi "misappropriation". Katundu wogulidwa amene palibe angaonetse kumene anapita ndi "unaccounted for stores". Pali "irregular payments", pali "wasteful expenditure", pali ndalama za paulendo zimene wozitenga sanabweze malisiti ake. Olankhulira maofesi akaitanidwa pa wailesi amaonjezera ao: "oversight", "anomaly", "lapse". Si matenda athu okha. Mu January 1987 pulezidenti Ronald Reagan, pokamba za mlandu wogulitsa zida ku Iran, anauza nyumba ya malamulo ya America kuti "mistakes were made", ciganizo cimene cilibe wocita, ngati kuti zolakwazo zinagwa zokha ngati mango.

Wina angayembekezere kuti ndinene kuti mau a m'lipotimo ndi cinyengo. Ai. Olemba lipoti akucita bwino kusiyanitsa, pakuti mkulu wa ofesi amene wagula mankhwala ndi ndalama za mafuta sali wofanana ndi amene wamanga nazo nyumba yake ku Chalala. Cilungamo cimafuna kuti colakwa ciliconse cichulidwe ndi dzina lake. Funso langa ndi ili: ngati munthu wamkulu wa tayi, wosunga mamiliyoni a anthu, ali ndi ufulu wakuti colakwa cake cipimidwe, cipatsidwe dzina loyenera, iye apatsidwe mpata wofotokoza pamaso pa komiti ya aphungu, n'cifukwa ciani mwana wa zaka 9 amene waiwala kubwereka khumi alibe ufulu umenewo? Wamkulu talemba dikishonale yonse ya kumucepetsera mlandu. Mwana tamupatsa liu limodzi, lomwe lija timagwiritsa nchito pa wakuba. Ndipo ana amaona. Amaona kuti pamene ukukwera, "wrong" amacepa, mpaka pamwamba penipeni palibe amene amalakwa. Mwana amene waphunzira kuti kuvomera kuphonya ndi kuvomera mlandu adzakula kukhala mkulu wa ofesi amene sanganene "ndinaphonya" ngakhale mlatho utagwa. Anthu amene amabisala kuseri kwa "oversight" lero anakhalapo pa madesiki athu, ndipo kubisala anakuphunzirira pamenepo.

Lamulo la Maphunziro la 2011 linaletsa kukwapula ana m'masukulu. Mkwapulo unacoka, ngakhale si konse, koma maganizo amene anali kuugwira akali m'dzanja lathu: akuti kusadziwa ndi mlandu. Kale yankho lophonya linali kulipidwa ndi zikoti zitatu. Lero limalipidwa ndi liu ndi kuseka kwa kalasi, ndipo ana ena angakuuzeni kuti cikoti cinali kupola msanga.

Cotsutsa cimene ndimacilemekeza n'ca nthawi. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, makalasi adzaza, ana ena akhala pansi, ndipo mphunzitsi amapita kunyumba ndi mulu wa mabuku wofika m'cibwano. Ndani angalembe ndime yonse m'buku lililonse? Palibe, ndipo sindikupempha zimenezo. Kunena "yang'ananso" kumatenga mpweya wofanana ndi kunena "wrong". Kufunsa kuti "wafika bwanji pa 26?" kumatenga theka la mphindi, ndipo yankho lake limakonza ana ena khumi amene ali ndi lamulo lokhota lomwelo koma sanakweze dzanja. M'mabuku zizindikiro zitatu zingakwane: kadontho pamene mwana waterereka ndipo angakonze yekha, mzere pansi pamene sanamvetse ndipo tifunika kubwereza, ndi kabokosi pamene walemba zolondola za kwina, monga Cinyanja ca m'tauni kapena Cizungu ca pa msika. Zimenezi sizifuna ndalama za boma kapena msonkhano wa ku hotela.

Cinenero cathu cili ndi mau okwanira nchitoyi, ndipo n'zomvetsa cisoni kuti timawasiya panja pa kalasi. Waphonya. Waiwala. Wasokoneza. Wafulumira. Watsala pang'ono. Wasocera apa, bwerera pa mzere waciwiri. Mai wophunzitsa mwana wake kuphika nsima sanena kuti "walakwa" nsima ikacita mibulu, amati "wathira ufa wambiri nthawi imodzi", ndipo mawa mwanayo amathira pang'onopang'ono. Kalipentala wa ku Buseko amauza wophunzira wake kuti thabwa lapendekera mbali iti. Anthu awa sanawerenge Corder.

"Walakwa" tisalitaye, lili ndi nchito yake, ndipo likasungidwa bwino limalemera. Ndi la mwana amene wakopera 14 uja, ndi la wamkulu wa Giredi 9 amene walanda wa Giredi 3 ndalama ya cakudya, ndi la mphunzitsi amene amagulitsa mapepala a mayeso asanalembedwe, ndi la amene amasiya kalasi lopanda munthu n'kupita kukaphunzitsa ana olipira kunyumba kwake. Pa misonkhano ya aphunzitsi zinthu ziwiri zomalizazi zimachulidwa kuti "malpractice" ndi "absenteeism".